MWANA SAMENYETSA MUTU POPANDA CHIFUKWA

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Nachisaka mpaka m'munsi mwa nkhalango ya Ntchisi, monganso m'maboma ena onse a Malawi, muli mabanja amene akulera mwana wovuta kumumvetsa. Mwanayo thupi lake ndi labwinobwino, amayenda ndipo amadya, koma salankhula, kapena amangobwereza mawu amene wamva kwa ena. Mukamuitana sacheuka, ngakhale makutu ake amamva. Sasewera ndi anzake. Tsiku lina amakuwa mosatonthozeka, amadziluma dzanja, amamenyetsa mutu pakhoma, amagenda mng'ono wake, kapena amangochoka pakhomo osadziwika kumene walowera.

Makolo ena afika pomumanga ndi chingwe pamtengo kuti apeze mpata wopita kumunda. Ena agulitsa mbuzi ndi matumba a mtedza polipira asing'anga. Maukwati ena atha, mkamwini atanyamula katundu wake n'kunena kuti zimenezi n'zakuchikazi. Nkhani iyi talembera makolo otere, ndiponso ife tonse okhala nawo pafupi. Mawu ake aakulu ndi awa: khalidwe lovutalo lili ndi chifukwa chake, ndipo anthu a pakhomo pomwepo angathe kuchipeza chifukwacho ngati ayang'anitsitsa mofatsa.

KODI VUTOLI NDI LOTANI?

Madokotala amalitcha autism. Mmodzi mwa oyamba kulifotokoza momveka anali Dr Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, amene mu 1943 analemba za ana 11, anyamata 8 ndi atsikana 3. Anawo ankakonda kukhala okha, ankavutika kulankhulana ndi anthu, ndipo ankakwiya kwambiri zinthu zikasintha pa chizolowezi chawo. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi vutoli. Limapezeka mwa azungu, mwa amwenye ndi mwa ife tomwe, kwa olemera ndi osauka, ndipo limaoneka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana.

Autism imayamba ndi mmene ubongo wa mwana umakulira, ndipo kawirikawiri zizindikiro zake zimaoneka asanakwanitse zaka 3. Chibadwa cha ku mtundu, kwa bambo kapena kwa mayi, chimathandizirapo kwambiri. Si ufiti, si mdulo, ndipo sikuti bambo anakhwimira mwana wake kuti alemere. Katemera wa kusikelo sayambitsa vutoli: nkhani imene inafalitsa mphekesera imeneyo ku England mu 1998 inapezeka kuti inali yachinyengo, ndipo magazini ya madokotala imene inaisindikiza inaichotsa mu 2010. Ana a vutoli safanana onse. Ena amalankhula bwino n'kumakhoza kusukulu, ena amafuna wowasamalira moyo wawo wonse. Ndiponso si onse amene amadzivulaza kapena kuvulaza anzawo.

Tidziwenso kuti si mwana aliyense wosalankhula kapena wolusa amene ali ndi autism. Wina ndi wogontha. Wina anavulala ubongo pobadwa. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Gretchen Birbeck ndi anzake anatsata ana amene anachira malungo aakulu ogwira ubongo, ndipo mu 2010 anafalitsa kuti ena mwa anawo anayamba khunyu, ena anasintha khalidwe n'kukhala osamva ndi olusa. Wonena dzina la vuto ndi dokotala. Koma njira yofufuzira chifukwa cha khalidwe imene tifotokoze pano imathandiza ana onsewa, ndi akuluakulu omwe.

TIPHUNZIRE KU CHIMANGA

Mlimi aliyense wa ku Nachisaka amadziwa kuti chimanga chikachita chikasu ndi kupinimbira, zifukwa zake zimakhala zosiyanasiyana. Mwina nthaka yaguga. Mwina madzi adikha m'mizere. Mwina kaufiti wagwira mizu. Maonekedwe a chimangacho ndi amodzi, koma mankhwala ake si amodzi. Wothira feteleza pamene vuto ndi madzi odikha wataya ndalama zake. Chifukwa chake mlangizi wa zaulimi akafika, sayamba ndi kulamula. Amayamba wazungulira mundawo, kufukula paphata, ndi kufunsa mafunso.

Khalidwe la mwana ndi chimodzimodzi. Ana awiri angathe kumadziluma dzanja mofanana, koma wina akudziluma chifukwa dzino likumupweteka, pamene mnzakeyo akudziluma kuti amuchotse paphokoso. Mwana amene satha kunena kuti ndatopa, ndili ndi njala, kapena ndisiyeni, amalankhula ndi thupi lake. Akaona kuti njira ina yake yamupatsa chimene amafuna, mawa adzaigwiritsanso ntchito. Sikuti ndi mwano kapena kuchenjera koipa. Ndiyo njira yokhayo imene waipeza.

ZIMENE ANAPEZA OFUFUZA

Mu 1982, Dr Brian Iwata ndi anzake, ku Baltimore komweko, anafalitsa zimene anapeza pa ana ndi achinyamata 9 amene ankadzivulaza okha. Ankamuika mwana aliyense m'chipinda kwa mphindi zochepa m'njira zinayi. Nthawi ina munthu wamkulu ankakhala duu osamulabadira, n'kumulankhula pokhapokha akadzimenya. Nthawi ina ankamupatsa ntchito yovuta, n'kumupumitsa akadzimenya. Nthawi ina ankamusiya yekha wopanda choseweretsa. Nthawi ina ankasewera naye momasuka. Anapeza kuti 6 mwa 9 aja ankadzivulaza kwambiri pa njira imodzi yokha, ndipo njirayo inali yosiyana kwa mwana ndi mwana.

Mu 1985, Edward Carr ndi Mark Durand anapitiriza nkhaniyi. Atapeza chifukwa cha khalidwe la ana 4, anawaphunzitsa mawu ochepa opemphera thandizo ntchito ikavuta, kapena oitanira mphunzitsi kuti awayang'ane. Kulusa ndi kudzivulaza kunachepa kwambiri, koma kunachepa pokhapokha mawu ophunzitsidwawo akagwirizana ndi chimene mwanayo ankafunadi. Pambuyo pake, mu 1995, Johnny Matson ndi Timothy Vollmer anakonza mafunso 25 amene wachipatala kapena mphunzitsi amafunsa makolo pofuna kupeza chifukwa chomwecho.

Kuyesa mwana m'chipinda monga anachitira Dr Iwata ndi ntchito ya akatswiri, ndipo musayesere kunyumba pa mwana wodzivulaza. Koma kuyang'ana ndi kusunga zimene mwaona ndi ntchito imene mayi, bambo, agogo ndi mwana wa sukulu angaithe.

ZIFUKWA ZISANU

Choyamba ndi ululu wa m'thupi. Yambani ndi ichi nthawi zonse, makamaka ngati khalidwelo layamba mwadzidzidzi. Mwana womenya khutu lake kapena tsaya lake mwina ali ndi mafinya m'khutu kapena dzino lobooka. Onani ngati wadzimbidwa, ngati ali ndi njoka za m'mimba, mphere, matekenya, minga kuphazi, kapena thupi latentha. Onani ngati wagona bwino usiku, ndiponso ngati wadya, makamaka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene chakudya chimachepa m'nkhokwe. Ana a autism amadwala khunyu kawirikawiri kuposa ana ena, ndipo khunyu lina siligwetsa munthu pansi: mwana amangoti tuzu maso kwa kanthawi, osamva kanthu.

Chachiwiri ndi kufuna kuti munthu amuyang'ane. Mayi ali pamtondo kapena akucheza ndi alendo, mwana wakhala yekha nthawi yaitali. Akakankha mng'ono wake, mayi amasiya zonse n'kuthamangira kwa iye. Ngakhale mayiyo abwere akukalipa, kwa mwanayo chachikulu n'chakuti mayi wabwera.

Chachitatu ndi kuthawa chinthu chomuvuta. Ana ambiri a vutoli amamva phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mopitirira mmene timamvera ife. Kulira kwa chigayo, ng'oma za pabwalo, zokuzira mawu za kutchalitchi, piringupiringu wa tsiku la msika, madzi ozizira a m'mawa, lumo lometera, kapena malaya okanda pakhosi, zonsezi zingamupweteke ngati moto. Akakuwa n'kudzigwetsa pansi, akuluakulu amamuchotsapo, ndipo iye waphunzira kuti kukuwa ndiye khomo lotulukira.

Chachinayi ndi kufuna chinthu. Waona mandasi pamsika, chitumbuwa m'manja mwa mnzake, kapena foni ya bambo ake. Mwinanso mwamulanda kachivindikiro kamene amakonda kuzunguza, kapena mwadzera njira ina popita kumjigo kusiya imene anazolowera. Akalusa, mumamupatsa msanga poopa manyazi pamaso pa anthu.

Chachisanu ndi kudzitonthoza. Kugwedeza thupi uku ndi uku, kukupiza manja, kung'ung'udza, kuthira mchenga m'zala kwa nthawi yaitali: izi mwana amachita ngakhale ali yekha, popanda womuona. Zimamukhazika mtima pansi. Ngati sizikuvulaza munthu, musiyeni. Si khalidwe lililonse lachilendo limene lifunika kuthetsedwa.

MAFUNSO ATATU

Sankhani khalidwe limodzi lokha, limene likuopsa koposa. Litchuleni monga maso amalionera. Mawu akuti mwanayu ndi wovuta sathandiza. Nenani kuti amadziluma dzanja lamanja, kapena amamenyetsa chipumi pakhoma. Tsono nthawi iliyonse zikachitika, dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: kodi chinachitika n'chiyani zisanayambe? Inali nthawi yanji, anali kuti, panali yani, anauzidwa chiyani, panali phokoso lanji, anali atadya?

Lachiwiri: kodi iye anachita chiyani kwenikweni, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji?

Lachitatu: kodi ife tinachita chiyani pambuyo pake? Anapeza chiyani, kapena anapulumuka ku chiyani?

Funso lachitatuli ndi limene makolo ambiri amaiwala, koma ndilo limaulula zambiri. Gulani kope limodzi, mujambule mizere itatu patsamba lililonse, ndipo mwana wa sukulu wa pakhomopo azilemba madzulo aliwonse. Ngati palibe wolemba, ikani zitini zinayi pamalo osafika ana: cha m'mawa, cha masana, cha madzulo ndi cha usiku. Khalidwelo likachitika, ponyani nyemba imodzi m'chitini cha nthawi imeneyo. Pakatha milungu iwiri, khuthulani ndi kuwerenga. Onaninso nthawi zimene khalidwelo silichitika konse, pakuti nthawi zamtendere nazo zimaphunzitsa. Ngati kwa agogo sadziluma koma kunyumba amadziluma, funsani chimene chili chosiyana kwa agogoko. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

TIYEREKEZE

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 7 wosalankhula, amene amadziluma dzanja mpaka magazi. A pakhomo akuti amatero nthawi iliyonse popanda chifukwa. Atawerenga nyemba, apeza kuti zambiri zili m'chitini cha madzulo. M'kope mwalembedwa kuti zimachitika mayi ake akamutengera kubafa, ndipo akadziluma mayiyo amamusiya osamusambitsa. Apa chifukwa chaoneka: akuthawa kusamba. Funso lotsatira ndi lakuti m'kusambamo chikumupweteka n'chiyani. Kodi ndi kuzizira kwa madzi a m'mapiri muno mwezi wa Juni? Kodi ndi sopo wolowa m'maso, kapena madzi othiridwa pamutu modzidzimutsa? Banja lingayese kufunditsa madzi, kumusambitsa masana dzuwa lili pamutu, kuyambira kumapazi, ndi kumuonetsa beseni nthawi isanakwane kuti adziwiretu.

Tiyerekezenso mtsikana wa zaka zomwezo amene amadziluma chimodzimodzi. Kope lake likuonetsa kuti amatero nthawi yosoka fodya, pamene onse atanganidwa m'chigafa, ndipo akadziluma mayi ake amamunyamula n'kumukhazika pamiyendo. Kufunditsa madzi sikungamuthandize uyu. Chomuthandiza ndi kumukhazika pafupi ndi mayi ake asanayambe kudziluma, kumupatsa kantchito ka m'manja, ndi kumulankhula pafupipafupi pamene ali chete. Bala la padzanja ndi lofanana, koma mankhwala ndi awiri.

Nthawi zina khalidwe limodzi limakhala ndi zifukwa ziwiri, ndipo chifukwa chingasinthe mwana akamakula. Mukayesa njira ina kwa milungu ingapo osaona kusintha, bwererani ku kope lija muyang'anenso.

MUKAPEZA CHIFUKWA

Pali ntchito zitatu. Yoyamba ndi kuchotsa kapena kuchepetsa choyambitsa. Wodwala apite kuchipatala. Woopa chigayo asapite kuchigayo kufikira atazolowera pang'onopang'ono, kuyambira patali. Ana otere amakhala bwino tsiku likamayenda mwa dongosolo limodzi: kudzuka, phala, kusamba ndi kugona pa nthawi zozolowereka. Ngati kukubwera chachilendo, monga ulendo wa kumaliro kapena alendo ogona, muuzeni zisanachitike ndi mawu ochepa, kapena muonetseni chinthu chimene chimutanthauzire ulendowo.

Yachiwiri ndi kumuphunzitsa njira ina yopemphera chinthu chomwecho. Safunika kukhala wolankhula. Wofuna madzi aphunzire kubweretsa kapu. Wofuna nsima abweretse mbale. Wofuna mayi ake awagwire pamkono. Wofuna kuchoka paphokoso aloze kukhomo. Phunzitsani pamene mwana ali wodekha, pomugwira dzanja ndi kumutsogolera, kambirimbiri. Ndipo akapempha mwa njira yatsopanoyo, muyankheni pomwepo, makamaka masiku oyamba. Njira yatsopano iyenera kukhala yapafupi ndi yofulumira kuposa kudziluma, apo ayi adzabwerera ku yakale.

Yachitatu ndi kusamala mmene timayankhira khalidwe lovutalo. Mutetezeni kuti asavulale, ikani chitenje chopindapinda pakati pa mutu ndi khoma, chotsani ana ang'onoang'ono pafupi, koma chitani izi mwachete, popanda kukuwa ndi kuchulutsa mawu. Akadekha, mukumbutseni njira yopemphera ija. Dziwani kuti masiku oyamba khalidwelo lingakule lisanayambe kuchepa, popeza mwanayo akuyesa ngati njira yake yakale yathadi mphamvu. Apa m'pofunika kuti a pakhomo onse achite chimodzimodzi. Ngati mayi alimba koma agogo apereka mandasi mwana akangokuwa, ntchito yonse yagwa. Itanani mwinimbumba, agogo, ndi a kuchimuna omwe, mukhale pansi mugwirizane, pakuti mutu umodzi susenza denga.

ZOSAYENERA KUCHITA

Musamumenye. Chikwapu chingamuletse lero, koma sichimuphunzitsa chochita mawa, ndipo mwana womenyedwa amaphunzira kumenya. Musamumange ndi chingwe kapena kumutsekera m'nyumba yekha. Chingwe chimatupitsa ndi kudula khungu, ndipo nyumba ya udzu ikagwira moto mwana wotsekeredwa alibe kothawira. Musamumane chakudya pomulanga. Musamumwetse mankhwala ogonetsa ogula pamsika. Palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, ochotsa autism. Alipo mankhwala a khunyu, ndiponso ena amene dokotala angapereke kulusa kukafika poopsa, koma amenewa ayenera kuchokera kuchipatala ndi kutsatidwa ndi dokotala.

Musaloze chala agogo kapena mnansi. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mlandu wotere umangogawa mudzi pamene mwanayo akadali ndi dzino lake lopweteka.

Kwa mwana wokonda kuyendayenda, funsani mafunso atatu omwe aja: amachoka nthawi yanji, amalowera kuti, akufuna chiyani kumeneko? Ambiri amakopeka ndi madzi. Vindikirani zitsime za kudimba, samalani mitsinje nthawi ya dzinja, ndipo nyakwawa ilengeze pabwalo kuti aliyense womuona mwanayo panjira amubweze kwawo mwaulemu. Atsikana ndi anyamata osalankhula amafunika kuwateteza kwa anthu a zolinga zoipa, pakuti sangathe kunena zimene awachita. Mwana akasintha khalidwe mwadzidzidzi, n'kuyamba kuopa munthu wina kapena malo ena, musazitenge mopepuka.

KUMENE MUNGAPEZE THANDIZO

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Iwo angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Dowa kapena cha Ntchisi, ndipo ngati kuli kofunika, ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pemphani kuti amuyeze makutu, mano ndi khunyu. Tengani buku lake la kuchipatala pamodzi ndi kope lija. Dokotala amamuona mwana mphindi zochepa chabe, pamene inu mumamuona tsiku lonse, choncho zolemba zanu zimamufupikitsira ntchito.

A St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amagwira ntchito za umoyo wa maganizo. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu angakuuzeni kumene kuli mphunzitsi wotere kufupi ndi kwanu. Makolo a ana aulumali ali ndi bungwe lawo lotchedwa PODCAM. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la anthu aulumali m'malo mwa lija la 2012, ndipo bungwe limene tinkalidziwa kuti MACOHA linasanduka MACODA. Ofesi ya zosamalira anthu pa boma ingakulozereni njira. Mwana wa autism ali ndi ufulu wopita kusukulu ndi kulandira chithandizo monga mwana wina aliyense.

Chaka chilichonse pa 2 Epulo maiko amakumbukira anthu a autism, potsata chigwirizano cha bungwe la United Nations cha mu 2007. Koma mayi wolera mwana wotere safuna tsiku limodzi pachaka. Amafuna mnansi womugwirira mwana m'mawa umodzi kuti akapalire, ndi azimayi a kumpingo kapena a kubanki m'khonde omukhazika pakati pawo osamunong'oneza. Mafumu, abusa ndi aphunzitsi, nkhaniyi ikhale pakamwa panu pamisonkhano. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Inu amene mwawerenga nyuzi iyi, musaipinde n'kuyatsira moto. Kawerengereni banja limene mukulidziwa kuti lili ndi mwana wotere, muwathandize kujambula mizere itatu ija m'kope, ndipo pakatha milungu iwiri mukabwerenso mukawerenge nawo nyemba.